Chithunzi kwa Apongozi, Mawu kwa Amalume

Chaka chimene ndinakwatira, anthu a ku Mtakataka ankaphula ndiwo zisanapse. Dzuwa likangopendeka, amayi ankavundikira miphika, abambo ankatsamiritsa njinga pamtengo wa bwemba, onse n'kukadzazana mu shedi ya amalume anga kukaonera sewero la mtsikana wa ambulera. Dzina lake lenileni linali la Chingerezi, lalitali, ndipo palibe amene ankadzivutitsa nalo. Poyambira pake pankaoneka mtsikana akuthamanga pamvula ndi ambulera yofiira, dzina n'kukhala lomwelo.

Nkhani yake sinali yovuta. Mtsikanayo ankagwira ntchito m'nyumba ya anthu olemera kudziko lakutali, mwana wamwamuna wa m'nyumbamo n'kumukonda, mayi a mnyamatayo n'kukana. Basi. Koma anthu amene ankatha kugona pamaliro a mnansi wawo maso ali gwa, ankalira misozi yeniyeni tsiku limene mtsikanayu anathyoledwa ambulera. Kwaya ya kutchalitchi inasintha nthawi yophunzirira nyimbo. Msonkhano uliwonse wa chitukuko umene unkaitanidwa madzulo unkapezeka ndi mipando yokha.

Shedi ya amalume inali pamsika, ya bango, denga la udzu, mabenchi a nsungwi amene ankatsina munthu akasuntha. Kunja kunali dishi yaikulu ngati chiwaya chokazingira tchipisi, yoyang'ana kumwamba, ndi sola yotchajira batire. Pamsikapo panali mashedi enanso awiri, ndipo onse ankakola tchanelo yomweyo yaulere. Kusiyana kwake kunali kwakuti enawo anali ndi chithunzi chokha. Amalume anali ndi chithunzi ndi ine.

Osewera aja ankalankhula Chingerezi chochita kuwaveka, milomo ikupita kwina, mawu akupita kwina. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2 pasekondale yoyendera ya kwathu konkuno, koma Chingerezi cha m'sewerolo chinali chapang'onopang'ono ndiponso chobwerezabwereza, moti ndinkachigwira. Vuto langa ndi manyazi. Kuyambira ubwana, munthu akandiyang'ana m'maso mawu amandithawa, ndimangoti "eya" ngakhale pofunika "ayi". Amalume ndi amene anatulukira kuti akandikhazika pampando kutsogolo, nkhope ku kanema, msana kwa anthu, pakamwa panga pamamasuka. Ndinkamasulira zonse osasiyako. Mnyamata akati mtima wake ukupsa, nane ndinkati mtima wanga ukupsa, mawu akunjenjemera, kumbuyo kwanga azimayi akumina m'zitenje.

Akazi anga ankabwera nawo masiku ena, ndipo pobwerera, ndikuwapalasa panjinga, ankandiseka.

"Abambo, kanema uja mumamuuza zokoma. Ine pondifunsira munati chiyani paja?"

"Ndinafunsa ngati kwanu kuli bwino."

"Katatu konse. Ndinachita kudziyankha ndekha kuti ndalola."

Nthawi imeneyo ndinkakhala chikamwini kwawo kwa akazi angawo, kumudzi wina wa mbali ya ku Mua. Apongozi anga aakazi anali amasiye, a geni ya mpunga ndi usipa wouma, munthu amene akatsokomola nkhuku zimasiya kupalasa. Monga mwa mwambo, ine ndi iwo sitinkayang'anizana kapena kulankhulana maso ndi maso. Ndikawaona akubwera panjira ndinkapatukira kutchire, ndipo tsiku lina ndinapatukira mu chitedze, n'kupirira momwemo mpaka atadutsa. Iwo akafuna kundituma ankalankhula ndi chinthu chilichonse chimene chili pafupi. "Mtondo iwe, uwauze akamwini kuti mbuzi zalowa m'munda." Ine ndinkayankha mtondo womwewo, nditagwada.

Chimene ndinkafuna chinali chimodzi, chitengwa, kuti andilole kutenga akazi anga kukakhala nawo kwathu. Malemu mayi anga anasiya dimba la mpunga kudambo, ndipo popeza ndinalibe mlongo, abale anati ndikalime ine. Koma ananenetsa kuti mvula ikagwanso ndisanafikeko ndi banja langa, dimbalo apatsa msuweni wanga, amene anali atayamba kale kulizungulira ngati kabawi. Wopempha chitengwa ndi nkhoswe, ndipo ankhoswe anga anali amalume omwewo. Ndikawakumbutsa ankati, "Mphwanga, zinthu zimenezi sathamangira. Tiye tiyatse kanema."

Ndiye tsiku lina, sewero lili mkati, m'munsi mwa kanema munayamba kuyenda timalemba. Ndinawerenga mokweza monga mwa ntchito yanga, ndisanaganize n'komwe. Timalembato tinkati kuyambira sabata yamawa sewero la mtsikana wa ambulera silidzaonekanso pa tchanelo imeneyi. Kenaka mayi wina wogulitsa zitumbuwa, amene sankajomba, anafunsa ndi mawu achisoni, "Akupita naye kuti mwana wa eni?"

Sewerolo linali litagulidwa ndi tchanelo ina yolemera, imene sinkakodwa ndi madishi athu aulere. Inkafuna dishi yaing'ono ndi kabokosi kake kolipira mwezi ndi mwezi. M'midzi yonse yozungulira, kabokosi kotero kanali pakhomo limodzi lokha. Alamu anga a ku Joni anali atatumizira mayi awo, ndipo apongozi ankakagwiritsa ntchito poonera mapemphero Lamulungu ndi kutsamiritsapo chithunzi cha malemu amuna awo masiku enawo.

Tchanelo yakale ija inachita ngati mwamuna wothawidwa ndi mkazi. Sabata yoyamba, pa nthawi ya sewero lathu, inkaonetsa abambo ovala mataye akukambirana za manyowa. Kenaka inabwereza zigawo zakale mpaka pamene, ndikuganiza, eni sewero atsopano anailetsa. Pomaliza inabweretsa sewero lina, la mtsikana wa chipewa, nayenso wantchito m'nyumba ya olemera, nayenso wokondedwa ndi mwana wa bwana. Anthu anamuonera tsiku limodzi.

"Ameneyu ndi wakuba," anatero mayi wa zitumbuwa uja akutuluka. "Ngakhale kaliridwe wachita kubera."

Eni mashedi nawo sanagone. Wina anayamba kugawa nzimbe pakhomo, anthu n'kumalandira nzimbezo, kuthokoza bwinobwino, n'kupitirira nazo kwa apongozi anga. Wina anapereka shedi yake kwa mpingo watsopano, ndipo mlaliki wake, amene kale ankakhala benchi lakutsogolo mwathu, anayamba kulalikira kuti ambulera yofiira ili ndi tanthauzo lake lobisika. Amalume anatembenuza dishi yawo kuloza kuphiri, kuloza kunyanja, kuloza ku Salima, mpaka inakola anthu ena ovala mikanjo akuthamangitsa ngamila m'chipululu. Atatopa anayamba kuuza anthu pamsika kuti madishi ang'onoang'ono amabalalitsa mitambo, ndipo mvula ikavuta chaka chino tidziwe kokafunsa.

Apongozi sanachedwe kuona mwayi. Anatulutsa kanema pakhonde, anayala mikeka pabwalo m'kati mwa mpanda, pansi pa mtengo wa mango, n'kuika beseni la usipa pachipata kuti wolowa aliyense aziyamba wapatsana nalo moni. Tsiku loyamba anthu anadzaza mpaka ena kukwera mumtengo. Koma sewero litayamba anangoona milomo ikuyenda, misozi ikugwa, chitseko chikumenyetsedwa, osadziwa kuti wolakwa ndani. Ine ndinali kuseri kwa nyumba, ndikukonza mpini umene unalibe vuto.

M'mawa mwake ndikunola khasu kuseri kwa nkhokwe, ndinamva apongozi akulankhula ndi nkhokweyo.

"Nkhokwe iwe, kodi pamudzi pano tinalandira mkamwini kapena mlendo? Anthu a kumsika amva Chingerezi chake chaka chonse. Ife eni mudzi tizingomva nkhwangwa yake?"

Ndinauza nkhokwe kuti ndamva.

Chovuta chinali mwambo. Womasulira ayenera kukhala pafupi ndi kanema, ndipo apongozi sakanalola kukhala kutali ndi kanema wawo, rimoti atamangirira pansonga ya chitenje. Akazi anga ndi amene anapeza nzeru. Anamanga chingwe kuchokera pa nsanamira ya khonde kukafika kumtengo, n'kupachikapo mphasa. Ine mbali ino, apongozi mbali inayo, tonse nkhope ku kanema. Mwambo unakhutira. Koma mphasa ndi bango chabe. Ndinkamva apongozi akupuma, ndinkamva akuswa mtedza, ndinkamva ngakhale fungo la mafuta awo odzola.

Poyamba zinayenda bwino, pakuti mayi a mnyamata uja ankangokalipira antchito, ndipo zokalipa ndinkamasulira mosavuta. Kenaka mnyamatayo anapeza mtsikana kukhitchini, anamugwira masaya, n'kulankhula nthawi yaitali, misozi ikutsika. Ndinamva zonse. Ndinatsegula pakamwa, kuseri kwa mphasa mtedza n'kusweka. Munthu sunganene mawu otero apongozi ali poti utatambasula mkono uwakhudza.

"Akuti," ndinatero, "amamulemekeza kwambiri."

"Zonse zija?" anafunsa bambo wina kumbuyo.

"Ndiponso akuti akapereke moni kunyumba."

Anapsompsonana. Ine ndinawerama n'kumakonza patapata wanga.

Kuyambira tsiku limenelo sewero linasanduka la anthu aulemu kwambiri. Mnyamata akati sangakhale ndi moyo popanda iye, ine ndinkati akumufunira thanzi labwino. Mtsikana akati sapeza tulo pomuganizira, ndinkati kwawoko kuli udzudzu. Apongozi anapirira kwa kanthawi, kenaka analankhula ndi mphasa.

"Mphasa iwe, tawafunsa akamwini. Kodi kumaiko akunjako munthu amang'amba malaya chifukwa cha udzudzu?"

"Mphasa, uwauze mayi kuti udzudzu wa kumeneko ndi waukulu."

Anthu anayamba kudandaula, koma osati za ine. Ankati tchanelo yatsopanoyi yaononga sewero. Olemera ndi choncho, ankatero, akagula chinthu amayamba achichotsa mchere. Ena ankati mnyamata uja mayi ake amudyetsa mankhwala, n'chifukwa chake wazizira.

Madandaulo amenewa anafika kumsika. Tsiku lina amalume anandidikirira pamlatho, atakhala panjinga, phazi limodzi pansi.

"Mphwanga, ndamva kuti kwa apongozi ako anthu akungopatsana moni."

Ndinayang'ana pansi.

"Mawu enieni ukuwasiya kuti?"

"Ndimakhala nawo, amalume."

"Ndiye aziwolera m'mimba? Ubwere nawo kwathu mawa masana. Kapena dimba lija sukulifunanso?"

Ndinati eya. Chotero tsiku lililonse masana, anthu akaweruka kumunda, ndinkapalasa njinga kupita kumsika. Amalume ankavundikira kanema ndi nsalu ya patebulo, ine n'kukhala pampando wanga wakale, nkhope ku nsaluyo, msana kwa anthu, n'kufotokoza chigawo cha dzulo lake ndi mawu ake onse. Panja analemba ndi khala pa katoni kuti MAWU ENIENI ALI MUNO. Batire silinkathanso, sola inkangowothera dzuwa, ndipo amalume ananena okha kuti sanaonepo wailesi ya kanema yosavuta kuyendetsa ngati imeneyi. Anthu anazolowera msanga: madzulo chithunzi kwa apongozi, masana mawu kwa amalume. Tsopano ndikati "akumufunira thanzi labwino" pabwalo paja, azimayi ankagundana zigongono, akudziwa kuti thanzi limenelo akalimva bwino mawa.

"Abambo, mapanga awiri avumbwitsa," anatero akazi anga tikusenda chinangwa.

"Nanga ndikane ndani? Awa ndi amalume, awa ndi mayi."

"Ndi zimenezotu. Inu mukanabadwa nkhuku, mukanadzitengera nokha mpeni n'kupepesa kuti ndi wobuntha."

Tsiku lonyowa linafikadi. Chigawo cha dzulo lake chinali chija mnyamata anathamangira mtsikana pokwerera sitima n'kumugwadira anthu akuona. Kwa apongozi ndinali nditamasulira kuti akumufunsa ngati watenga kamba wa paulendo. Mu shedi ndinamasuka. Ndinaika dzanja pachifuwa, n'kuuza nsalu ya patebulo ija kuti ukachoka dzuwa silidzanditulukiranso, kuti ndikufuna ndizidzuka tsitsi lako lili pankhope panga, kuti milomo yako... Pamenepo, kumbuyo kwenikweni, ndinamva mtedza ukusweka. Anthu ambiri amaswa mtedza, koma apongozi anga amati akaswa, n'kufikisa m'manja, n'kuuzira kawiri. Ndinamva kufikisa. Ndinamva kuuzira kawiri.

Anthu onse anali atawaona apongozi akulowa, chitenje atafunda kumutu, kupatula ine womasulira wa msana.

"Benchi iwe," anatero mawu amene ndinkawadziwa bwino, "uwauze apitirize. Milomo yake yatani?"

Sindikumbukira mmene ndinatulukira. Amalume amati ndinadzera pampata wa m'bango umene ankalowerapo agalu.

Sabata yomweyo amalume anakumbukira za chitengwa. Munthu amene ankati zinthu zimenezi sathamangira anafika kwa apongozi atavala jekete m'mwezi wa Okutobala, thukuta lili kamukamu, nkhuku ili kukhwapa. Anali ataganiza bwino. Ndikasamukira kwathu, apongozi atsala ndi chithunzi chosalankhula, ndipo adzachita kuwapempha kuti kabokosi kaja kasamukire ku shedi. Apongozi nawo anali ataganiza chimodzimodzi, kuchokera mbali inayo.

Anakhala pansi pa mtengo wa mango, amalume uku, apongozi ndi alongo awo, amene anali ankhoswe a akazi anga, uko. Ine ndi akazi anga tinakhala poteropo pamkeka, mitu pansi. Amalume anayamba bwino.

"Tabwera kudzapempha kuti mwana wanu akatiphikireko kwathu. Mnyamatayu wakulimirani, wakufolererani nyumba, ulemu wake mwauona."

"Ulemu wake ndauona," anatero apongozi. "Wachuluka mpaka wandibisira sewero. Nkhokwe yachiwiri sanamange."

"Amanga Loweruka."

"Bafa lapendekeka."

"Aliwongola."

"Nanga sewero langa lizilankhula ndi ndani?"

Alongo awo anatsokomola pofuna kubwezera nkhani munjira, koma amalume anali atayaka kale.

"Sewero lanu? Mtsikana ameneyu tamulera ndife, kuyambira ali ndi diresi limodzi. Inu mwamupeza atanenepa."

"Ngati munamulera bwino, anakuthawiraninji?"

Anakangana za madishi, za mitambo, za usipa wa pachipata, ndiponso ngati mayi a mnyamata uja ali mfiti kapena ndi kholo chabe loteteza mwana wake. Apongozi anaima mbali ya mayiyo. Akazi anga sanatchulidwenso, dimba silinatchulidwe n'komwe. Moyo wanga wonse panalibe amene anandilimbiranapo, ngakhale posankhana timu ya mpira kusukulu, ndipo zinandikomera pang'ono.

Pomaliza apongozi anagamula okha. Chitengwa adzapereka sewero likadzatha. Ndipo pofuna kuti mawu asamapitenso kumsika, anatenga nkhuku imene amalume anabwera nayo, n'kundipatsa ine ndi manja awiri, kunena kuti kuyambira lero manyazi a chipongozi atha, ndine mwana wawo, tizilankhulana. Alongo awo anawomba m'manja. Amalume anabwerera opanda nkhuku, opanda mphwawo, jekete ili paphewa.

Mphasa inachotsedwa. Anthu ankandiuza kuti ndakwezedwa. Tsopano ndinkakhala pampando woyandikana ndi wa apongozi, ndikunena kuti "ndimakukonda" iwo akundiyang'ana pakamwa kuti ndisameze kanthu. Ndikafupikitsa ankandigogoda ndi rimoti pabondo.

"Walankhula nthawi yaitali uja. Onjezerani, mwananga."

Ndinaonda mwezi umenewo. Amalume nawo, poona kuti mawu enieni akupezeka kwaulere pamodzi ndi chithunzi, anatembenuza katoni ija n'kulemba kuti ZA M'TSOGOLO ZILI MUNO. Ankaima okha kutsogolo n'kumalosera zimene zichitike madzulo. Ankalosera imfa tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse munthuyo ankaoneka ali bwinobwino akumwa tiyi.

Sewero silinkaoneka kuti litha. Tchanelo yatsopanoyo, poti inaligula modula, inkalidya monyenyanyenya ngati mwana amene wapatsidwa bisiketi anzake akuona. Theka la chigawo linkakhala kubwereza za dzulo, theka linalo kutsatsa sopo ndi feteleza. Mitambo itayamba kusonkhana kumapiri a kumtunda, mtsikana wa ambulera anagundidwa ndi galimoto n'kuiwala zonse, ngakhale dzina lake, moti mnyamata anayenera kuyambiranso kumufunsira. Apongozi anasangalala. Tsiku lomwelo ndinamva kuti msuweni wanga wagula khasu latsopano.

Akazi anga ankapita kumsika wa ku Golomoti kukagulitsa tomato, ndipo tsiku la msika lotsatira anabwerako dengu lili lopanda kanthu, n'kundiitanira kuseri kwa nyumba. Anamasula kapepala, m'kati muli kanthu kakuda, kakang'ono ngati chikhadabo.

"N'chiyani chimenechi?"

"Dimba lanu."

Kanali kamemore koika mufoni. Anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni kumeneko anali nalo sewero lonse mpaka kumapeto, pakuti kwawo kumene linapangidwira linatha kalekale. Ife tinkalirira anthu amene mwina anali ndi zidzukulu. Ndipo linali lomasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata a m'tauni, opanda apongozi, amene ankanena zonse n'kuwonjezerapo zawo.

"Mayi akwiya," ndinatero.

"Mayi anga ndimawadziwa ndine. Inu mungokhala chete, si ndiye luso lanu."

M'mawa mwake anapita kumjigo ndi foni, n'kuitsamiritsa pa chidebe. Sanaonetse chigawo chotsatira ayi, anaonetsa chomaliza. Atatero anabwereketsa kamemore kaja kwa mayi wa zitumbuwa, amene nkhani siimugonera m'kamwa. Dzuwa lisanafike pamutu, kuchokera ku Mua mpaka kumsika, aliyense ankadziwa kuti mtsikanayo adzakumbukira zonse, kuti mayi a mnyamata adzamugwadira, ndi kuti ukwati udzachitika mvula ikugwa, onse awiri ali pansi pa ambulera imodzi.

Posakhalitsa kamemore kaja kanaswana m'mafoni onse. Anthu ankaonera kudimba, pamzere wa kuchigayo, ngakhale pa kabaza wokwera atagwirizira foni pamsana pa wopalasa. Amalume anayesa kuonetsa zomwezo pa kanema wawo, koma ndani angapite kukatsinidwa ndi nsungwi chifukwa cha chinthu chimene chili m'thumba mwake? Shedi ija anayamba kusungiramo makala. Mlaliki uja anasiya za ambulera n'kuyamba za mafoni.

Kwa apongozi, pabwalo tinatsala ine, iwo, ndi nkhuku ija. Iwo anakana kumva mathero. Munthu akayamba kuwauza ankatseka makutu n'kuyamba nyimbo ya kwaya. Tinaonera choncho masiku angapo, beseni la usipa lili pachipata popanda wolipatsa moni. Kenaka tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinapeza chingwe chamangidwanso, mphasa yapachikidwa pamalo pake. Ndinakhala mbali yanga. Sewero linayamba, ine n'kutsegula pakamwa.

"Mphasa iwe," anatero apongozi, "uwauze akamwini asavutike. Zimene anthu awa amauzana ndazidziwa tsopano, ndi zomwezomwezo. Uwauze atenge mkazi wawo mvula isanagwe. Mkazi ameneyo wachenjera ngati ine, pakhomo limodzi sitingakwanepo."

Ndinagwada, ngakhale panalibe wondiona.

"Mphasa, uwauze mayi kuti ndathokoza."

Kuseri kwa mphasa apongozi anaswa mtedza, n'kuwonjezera.

"Uwauzenso kuti malemu apongozi awo sanandiuzepo ngakhale za udzudzu."

Tinasamuka pa ngolo, mitambo ili bii. Amalume, ankhoswe anga, sanabwere kudzatilandira, anali ku Salima kukafunsa za makina oikira mafilimu m'mafoni. Msuweni wanga ndinamupeza atayamba kale kusosa m'mphepete mwa dimba, ndipo poti kukangana sindidziwa, ndinamuthokoza pondithandiza. Anachoka atakwiya kuposa mmene akanakwiyira ndikanamutukwana.

Mphasa ija apongozi anatiponyera pangolo pamene tinkanyamuka. Timayanikapo mpunga. Chaka choyamba kukolola ndinaona kuti mpunga ukutayikira pansi pamalo amodzi, ndipo nditaiimika ndinapeza kabowo, bango atalipatula bwinobwino ndi chala, pa msinkhu wa diso la munthu amene wakhala pampando. Ndinaitana akazi anga kuti adzaone. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Abambo," anatero akupukuta misozi, "inu mumayesa mayi ankaonera sewero liti?"